Tsamba Lachiwiri

Mlongo wake anaikidwa m'manda Lachinayi, ndipo pofika Lolemba mayi uja anali kale pantchito, atavala gawuni loyera ndi magolovesi. Anzake a mulabotale anamuuza kuti abwerere kunyumba akapume kaye. Iye anangoti, "Ndikapume chiyani? Sindinatope."

Sankanama ayi. Sanatope, sankamva njala, ndipo tulo tinkabwera pa nthawi yake ngati kale. Pamaliropo anthu analira mpaka mawu kusasa, koma iye maso anali gwa, akuwerenga mabatani a jekete ya bambo wina amene anaima patsogolo pake. Analipo anayi, limodzi losiyana mtundu ndi anzake. Zimenezo ndiye ankazikumbukira bwino. Zimene abusa ananena, kaya.

Pantchitopo ankamutcha Ndondomeko, ndipo dzinalo silinagwe kumwamba. Zaka khumi ndi zinayi ali mulabotale imeneyo, sanasokonezepo kachubu ngakhale kamodzi, sanaiwalepo kulemba tsiku pabotolo. Munthu akaika chinthu pamalo olakwika, iye ankangochibwezera pamalo pake osalankhula, ndipo kusalankhulako kunkapweteka kuposa kukalipa. Ena ankati ngakhale kuyetsemula amayamba waona m'buku ngati nthawi yake yakwana.

Mlongo wakeyo anthu ankamudziwa kuti Chipewa. Anabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo kuyambira ali mwana sankatuluka panja popanda chipewa cha khonde lalikulu. Ndondomeko anali wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndiye amene ankamuperekeza kusukulu atamuphimba ndi ambulera, iye mwini akupsa ndi dzuwa, mkono uli m'mwamba mpaka kuchita dzanzi. Ndiyenso amene, patapita zaka, anamva kuti a Pulofesa, mkulu wa labotaleyo, akufuna munthu wokwera phiri kukatola masamba, n'kunena kuti, "Ndili ndi mlongo wanga ine, miyendo yake sitopa."

Mawu amenewonso ankawakumbukira bwino.

Ntchito yake inali yotere. Paphiri lina lalitali, ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto, pamamera kachitsamba kakafupi ka masamba aubweya, aang'ono ngati chikhadabo. Musafunse kuti n'kantchito yanji, ngakhale mbuzi imakalambalala. Koma kamamera m'munsi mwa phirilo, kamameranso pamwamba penipeni pomwe mitengo inagonja kalekale, ndiye a Pulofesa anakakondera zimenezo. Chipewa anaika manambala pa tizitsamba makumi awiri ndi tinayi, khumi ndi tiwiri m'munsi, khumi ndi tiwiri pamwamba. Chaka chilichonse mvula isanayambe ankakwera kukathyola masamba pa tizitsamba tomweto, dzuwa lili paliwombo, n'kuwakulunga msanga kuti asaonenso kuwala.

Chifukwa chake ankachifotokoza bwino kuposa a Pulofesa amene. "M'tsamba lililonse muli kaulusi kosaoneka ndi maso," ankatero, "kamene kamasunga malangizo onse a mmene mmerawo uyenera kukhalira. Ndiye DNA imeneyo. Tsono dzuwa lili ndi cheza china chobisika, cha UV, chimene chimapsereza kaulusiko, ndipo pamwamba pa phiri chezacho chimaluma kwambiri. Mmera uli ndi telala wake m'kati, amasoka pomwe papsa. Koma kukazizira kwambiri, kapena madzi akasowa, telalayo amafooka. Ife timangowerenga zipsera zimene walephera kusoka." Akatero ankagwira khonde la chipewa chake n'kuseka. "Ine ndinabadwa nyumba yopanda denga. Telala wanga sapita kutchuthi."

Panali chizolowezi chake chimodzi chimene chinkamukwiyitsa mchemwali wakeyo. Buku la ntchito linkati pa kachitsamba kalikonse athyolepo tsamba limodzi. Iye ankathyola awiri. Limodzi ankaliika m'chidebe chozizira n'kubwera nalo kulabotale, linalo ankaliika m'kaenvelopu pamodzi ndi timiyala toyamwa chinyezi.

"Lachiwirili n'la chiyani?" Ndondomeko anamufunsa chaka choyamba.

"N'la tsiku limene mudzalakwitse, achemwali."

"Ine?"

"Inu amene. Chakudza sichiimba ng'oma."

"Chosalembedwa m'buku sichilowa mufiriji yanga. Pita nazo kwanu zinyalala zakozo."

Anapita nazodi kwawo, chaka ndi chaka, zaka khumi ndi chimodzi. Ndipo zaka zonsezo Ndondomeko sanalakwitse, moti nkhani ya tsamba lachiwiri inangosanduka nthabwala yoseka pomwa tiyi.

Chaka cha khumi ndi chimodzicho mvula inakana. Phiri linauma gwa, m'mawa kukuzizira mpaka miyala kuchita chisanu, masana kumwamba kuli mbee popanda ndi kamtambo komwe. A Pulofesa anali atadikira chaka choterechi kuyambira tsiku loyamba, chifukwa funso lawo lonse linali limodzi: chilala chikakumana ndi dzuwa la pamwamba, kaulusi kaja kamapirira kapena kamagonja? Koma n'kuti Chipewa ali ndi chilonda kuseri kwa khutu chimene chinakana kupola, ndipo madokotala anali atachitchula kale dzina, khansa ya pakhungu. Mkazi wake anamuletsa. Ndondomeko anamuletsa. A Pulofesa nawo anati atuma wina.

"Wina uti?" anatero Chipewa. "Nambala 12 ili kuseri kwa thanthwe, m'mng'alu. Winayo akaisaka mpaka chaka chamawa."

Anakwerabe phirilo. Anatsika ndi masamba onse makumi awiri ndi anayi, ndipo patangotha sabata anagonekedwa m'chipatala. Patatha sabata ina mvula inagwa paphiri paja, tizitsamba tinaphuka masamba atsopano, a chilala aja n'kuyoyoka. Amene anali mufiriji ya Ndondomeko ndiwo okha anatsala. A m'munsi Ndondomeko anawagwirira ntchito mlongo wake akadali moyo. A pamwamba, khumi ndi awiri, ankadikirabe.

Tsiku limene dokotala anapukusa mutu, mlamu wake, mkazi wa Chipewa, anamupeza Ndondomeko ataima m'khonde la chipatala. Sanakuwe, sanalire. Anangomuyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Ntchito zonse za m'dziko muno, alamu, inu munamupezera ya padzuwa." Zinali zoona.

Tsono Lolemba lija anatulutsa masamba a pamwamba aja. Manja ankadziwa okha chochita. Anasinja tsamba lililonse mpaka kusanduka ufa, anathira mankhwala, anazunguza pamakina, anatsuka ndi sipiriti, anazunguzanso. Pofika madzulo, pansi pa kachubu kalikonse panali kadontho koyera kochepa kuposa kamchenga kamodzi. Imeneyo ndiye inali DNA, ndipo masambawo anali atatheratu, tsamba la chikhadabo silisiya chotsala. Chinatsala n'kuumitsa. Anandandalika timachubu khumi ndi tiwiri m'kabati ya galasi imene ankagwiriramo ntchito, tonse totsekula, kuti sipiriti auluke. Zimafuna mphindi khumi zokha.

Anakhala pampando kudikira. Maso ake anagwera pamsomali wa kuseri kwa chitseko, pomwe Chipewa ankakoleka chipewa chake akabwera ndi chidebe. Sankaganiza za iye ayi. Ankangoona kuti msomaliwo ndi wopindika pang'ono, ndipo penti ya pamenepo inasupuka. Wina anati, "Faifi yakwana," anthu n'kuyamba kuvula magawuni.

M'kabati ya galasi ija muli nyale ya UV yophera tizilombo, yowala mwabuluu. Lamulo lake n'losavuta: ukamaweruka, chotsa zonse m'kabati, tsitsa galasi, yatsa nyale. Imayaka theka la ola n'kuzima yokha. Ndondomeko anali atachita zimenezo madzulo alionse kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndi iyeyo amene analemba lamulolo n'kulimata pagalasipo. Anaimirira, anatsitsa galasi, anadina batani, anatenga chikwama chake n'kumapita.

M'mawa mwake anapeza timachubu tili momwemo m'kabati, kukamwa kuli yasa. Anaima n'kutiyang'ana. Anadziwa nthawi yomweyo chimene chachitika, chifukwa nyale ija siseweretsa kaulusi kopanda chophimba, imakapsereza kuposa dzuwa lililonse la paphiri. Anadikira kuti mtima ugunde, kuti mawondo agwedezeke, kuti chinachake chichitike m'thupi mwake. Kunali zii. Ndiye anavala magolovesi, anatseka timachubu, n'kupitiriza ntchito. Sanaganize zobisa, sanaganizenso zoulula. Gawo lotsatira m'buku linali lothira madzi, ndiye anathira madzi.

Zotsatira zinatuluka Lachisanu la sabata inayo. A Pulofesa, munthu amene nthawi zonse ankayenda ngati akuopa kudzutsa khanda, analowa chothamanga ndi pepala m'manja, magalasi ali pamphumi.

"Mayi, taonani izi. Zipsera za pamwamba zachuluka kakhumi kuposa za m'munsi. Kakhumi. Zaka zonsezi sizinapitirirepo kawiri."

"Ndaona," anatero Ndondomeko.

"Ndi chilala chija. Telala uja wagonja, monga ankanenera malemu." Anakhala pampando wapafupi. "Ndaganiza kale. Tikalemba lipoti limeneli, dzina loyamba likhala la mlongo wanu. Osati kumapeto kuja timathokozako madalaivala ayi. Pamwamba penipeni, langa pambuyo pake. Anthu akutali adzaliwerenga dzina limenelo."

Anzake anawomba m'manja. Mayi wina anamukumbatira akupukuta misozi, wina anafulula tiyi. Ndondomeko anamwa tiyi wakeyo mpaka kumaliza, anatsuka kapu n'kuibwezera pamalo pake.

Loweruka anachapa makatani a nyumba yonse, ngakhale anali oyera. Lamulungu anasita magawuni ake onse atatu, n'kuwasitanso. Nkhaniyo inkayenda m'mutu mwake mwadongosolo, ngati ya munthu wina. Akakhala chete, dzina la mlongo wake likhala pamwamba pa bodza, ndipo anthu akutali adzawerenga bodzalo n'kumangapo mabodza ena. Akalankhula, ndiye kuti munthu uja anakwera phiri ndi chilonda kuseri kwa khutu popanda phindu lililonse. Dzuwa linamupha, iye n'kutenga kadzuwa kake ka mulabotale kumalizitsa zimene zinatsala. Ankadziwa kuti pamenepa munthu amayenera kumva manyazi, kapena chisoni, kapena mantha. Ankafufuza m'kati mwake ngati mmene munthu amafufuzira m'thumba lobooka, osapezamo kanthu.

Chimene anapeza chinali chikumbukiro chimodzi. Chaka china Chipewa atatsika kale mpaka m'munsi, anakayika ngati tsamba la nambala 7 sanalisinthanitse ndi la nambala 8. Dalaivala anati palibe angadziwe. Iye anagona konko, m'mawa n'kukweranso, theka la tsiku, chifukwa cha masamba awiri. Atabwera ndi milomo yong'ambikang'ambika, Ndondomeko anamukalipira, iye n'kuyankha kuti, "Bola kubwera chimanjamanja, achemwali, kusiyana n'kukubweretserani bodza m'chidebe."

Lolemba m'mawa anagogoda pachitseko cha a Pulofesa. Anawapeza atayamba kale kulemba, mapepala ali mbwee patebulo. Anakana mpando. Anafotokoza ataimirira, mwatsatanetsatane, kuyambira pomwe anatsekula timachubu mpaka pomwe anadina batani, ngati akuwerenga m'buku la ntchito.

A Pulofesa anaika cholembera pansi. Kenako anati, "Mwatsimikiza, mayi? Mwina nyaleyo sinayake."

"Inayaka. Kawotchi kake ndinakapeza katatha."

"Theka la ola lonse."

"Lonse."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Alipo wina akudziwa?"

"Inu ndi ine."

Ndondomeko anawaona akuyang'ana pepala lija la kakhumi, anawaonanso akuchita manyazi ndi kuyang'anako. A Pulofesa analipinda pakati n'kuliponya m'basiketi ya zinyalala.

"Pepani, funso limenelo sindinayenere kulifunsa," anatero. "Madzi akatayika saoleka. Chilala ngati chimenechi chikamadzabweranso, ine ndidzakhala ndikuyendera ndodo." Sanamukalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangofunsa ndi mawu a munthu wotopa, "Palibe chotsala? Ngakhale kachidutswa?"

"Muno mulibe."

"Muno?"

Ndiye anawauza za tsamba lachiwiri. A Pulofesa ankaidziwa nthabwalayo, koma sankadziwa kuti masambawo analipodi. Anadzuka pampando. Tsamba louma bwino, losungidwa mumdima, limasunga zipsera zake monga zinalili tsiku lothyola. Ndondomeko anawadula asanapite patali. Ulendo womalizawu munthuyo anakwera akudwala, dalaivala anati malo ena ankachita kukwawa. Ndani angaganize zothyola kawiri ali choncho? Ndipo ngakhale anathyola, mkazi wake sankafuna kumva chilichonse cha phiri limenelo. Mwina anataya kale.

"Ndiwaimbire foni ineyo mayiwo?" anafunsa a Pulofesa.

"Ayi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Anakwera basi ya masana. Chichokereni pamaliro anali asanapondeko kwa mlamu wake, ndipo foni anali asanaimbe. Anatsikira pa sitolo ya mankhwala pomwe Chipewa ankagula mafuta oteteza khungu, anadutsa pa owotcherera zitsulo, anakhota pa nyumba ya geti lobiriwira pomwe galu amauwa aliyense. Galuyo anauwa. Dzuwa linali likuswa mtengo, anthu akuyenda m'mbali mwa makoma kusaka mthunzi, koma iye ankayenda pakati pa msewu osamva kutentha kulikonse.

Nyumbayo anaiona yasintha asanalowe n'komwe. Makatani ochindikala aja, amene ankakhala otseka usana wonse chifukwa cha maso a mlongo wake, anali atakankhidwira m'mbali, mawindo onse ali pululu. Pambali pa nyumba panali mulu wa phulusa, ndipo m'phulusamo munkaoneka ngodya za mapepala osapsa bwino. Ndondomeko anaima n'kuyang'ana. Pakachidutswa kena anazindikira kalembedwe ka Chipewa, manambala a kutalika kwa phiri. Anapitirira kukagogoda.

Mlamu wake anali pabalaza akupinda malaya aatali manja n'kumaika m'katoni. Anali atawonda, mpango uli m'mutu mopendekeka. Anadzutsa mutu koma sanaimirire.

"Mwabwera, alamu."

"Ndabwera."

"Masabata atatu."

"Awiri ndi masiku anayi."

Mlamuyo anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Inu ndi inu basi. Khalani pansi."

"Ndiyambe ndanena chimene ndabwerera, mwina simufuna kuti ndikhale." Anagwira chikwama chake ndi manja awiri. "Masamba amene anakatenga ulendo womaliza uja, a pamwamba, ndawawononga. Ndinawasiya m'kabati n'kuyatsa nyale yophera tizilombo. Apsa onse khumi ndi awiri."

Mlamuyo anasiya kupinda. "Nyale yanji imeneyo?"

"Ya UV."

"Cheza chomwe chija?"

"Chomwecho."

Panja galimoto inadutsa ikuliza nyimbo, n'kupita. Mlamuyo anayang'ana malaya amene anali pamiyendo pake, a kolala yaitali imene anachita kusoketsa kuti izibisa khosi.

"Ndiye kuti anakwera chabe," anatero.

"Ngati munawotcha tienvelopu take tija, inde, anakwera chabe. Ndipo wachititsa ndi ine, kawiri konse. Ndinamupezera ntchito, ndawononganso ntchitoyo. Ndabwera kudzapempha, ngati tilipo."

Ananena zimenezi ndi mawu omwe ankaitanitsira mankhwala kusitolo ya labotale, ndipo ankadzimva yekha kuti akumveka ngati munthu wopanda mtima. Mlamuyo anaika malaya aja pambali, anaimirira, n'kuyamba kutseka makatani, windo ndi windo, mpaka pabalaza panachita mdima uja Ndondomeko ankaudziwa. Kenako analowa kuchipinda. Kunamveka chitseko cha wadiropu, kenako zinthu zikusunthidwa pansi.

Anatuluka atanyamula chinthu chokulungidwa m'jekete yakuda. Anachiika patebulo n'kuvundukula. Chinali chitini cha mabisiketi, chakale, cha dzimbiri m'mbali. Pachivundikiro panali kapepala komatidwa ndi selotepi, ndipo kanalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu: ZA TSIKU LIMENE ACHEMWALI ADZALAKWITSE.

"Mabuku ake a phiri ndawotcha," anatero mlamuyo. "Mapu ndawotcha. Ichi ndinachinyamula kawiri kupita nacho pamoto, kawiri konse ndinabwerera nacho. Anandilumbiritsa m'chipatala muja."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Achemwali sanalakwitsepo chifukwa sichinawapezepo chowasokoneza mutu. Ine ndikapita, adzalakwitsa. Sadzalira, achemwali anga aja salira, adzangolakwitsa. Akadzabwera usakawafunse zambiri, udzangowapatsa. Koma uyambe watseka makatani.'"

Ndondomeko anakhala pansi tsopano. Anatsekula chitini. Tienvelopu tinali m'mitolo, mtolo uliwonse womangidwa ndi labala, chaka chake chitalembedwa pamwamba. Mitolo khumi ndi umodzi. Anatenga wa pamwamba, wa chaka cha chilala, n'kuyamba kuwerenga monga ankawerengera chilichonse, chala chikuyenda pangodya. A m'munsi analipo khumi ndi awiri, olembedwa bwino. A pamwamba anayambanso bwino. Pofika nambala 6 zilembo zinayamba kupendama. Nambala 9 inalembedwa kawiri, koyamba cholembera chitaterereka. Nambala 11 inali ngati yolemba mwana wa sitandade wani. Anaima pamenepo, chala chili pangodya, osafuna kuona ngati kuseri kuli kanthu.

Kanalipo. Nambala 12, ya kuseri kwa thanthwe, yolembedwa mokhotakhota, ndi kadontho kofiirira pambali pomwe chala chochokera kukhutu chinagwira. Anagwedeza kaenvelopuko pafupi ndi khutu lake. Timiyala tinalira m'kati, ndipo pakati pake panamveka katsamba kouma.

"Onse alipo?" anafunsa mlamuyo.

"Onse."

"Ndiye sanakwere chabe."

"Ayi. Ndikawagwira bwino, sanakwere chabe."

Anabwezera mtolowo, anatseka chitini. Mlamuyo anakhala moyang'anizana naye, manja ali pamawondo.

"Mawu aja ndinakuuzani kuchipatala, alamu, sindikuwabweza. Ndikanawanenanso lero. Ine ndinkafuna mwamuna wokhala mumthunzi mpaka kukalamba." Anayang'ana chitini chija. "Koma iye ankanena zina, ndipo n'kulakwa kuti ndikubisireni. Ankati munamuphimba ndi ambulera ubwana wake wonse, kenako munamupatsa phiri. Ankati pa ziwirizo, chimene ankakuthokozerani kwambiri ndi phiri."

Ndondomeko anagwedeza mutu ngati walandira uthenga wa kuntchito.

"Mulibe misozi inu?"

"Sindikudziwa komwe ili."

"Ibwera. Yanga inandipeza ndikutsuka supuni."

Ataimirira kuti azipita, anafuna kukulunganso chitinicho m'jekete ija, koma mlamuyo anaigwira. "Iyi ayi, ikadali ndi fungo lake." Anapita kuseri kwa chitseko n'kubwera ndi chipewa chija, cha khonde lalikulu, chothimbirira ndi thukuta pamphumi. "Tengani ichi. Kunja dzuwa lakwiya."

Chitini n'chachitsulo, cheza sichingalowemo, ndipo Ndondomeko ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Chimene chikanavuta n'kutentha kokha, ndipo ulendo wa basi ndi waufupi. Komabe atatuluka pakhomo anachikumbatira pachifuwa ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kugwira chipewa pamwamba pake, motalikitsa pang'ono kuti mphepo izidutsa. Anadutsa pa geti lobiriwira, galu anauwa. Anadutsa pa owotcherera zitsulo, mmodzi wa iwo anaseka n'kunena kuti, "Mayi, chipewa amavala kumutu." Iye anangopitirira.

Pokwerera basi panalibe mthunzi. Anaima pomwepo, chipewa chili pamwamba pa chitini. Patapita mphindi zingapo anamva chinthu chachilendo kumbuyo kwa khosi, ndipo zinamutengera kanthawi kuti azindikire kuti n'kutentha. Dzuwa linkamuwotcha, ndipo ankalimva. Kenako mkono wamanja unayamba kuwawa, kuyambira paphewa kutsikira m'chigongono, kuwawa kumene ankakudziwa kuyambira ali mtsikana wa yunifolomu, panjira ya kusukulu, kamnyamata koyera kakuyenda m'munsi mwake kakulongolola za mbalame. Sanautsitse mkonowo.

Basi yoyamba inabwera, inaima, kondakitala anamuitana kawiri, n'kupita. Iye sanathe kuwerenga kumene inkalowera, zilembo zonse zinali m'madzi. Anakwera yachitatu.